Kalata yotseguka: ana a m'sukulu za boma ku Tete aphunzire mbiri ya zipembedzo za dziko lapansi

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a INDE (bungwe lokonza pologalamu ya maphunziro), a Mkulu wa Zamaphunziro m'chigawo cha Tete, akuluakulu a maofesi a zamaphunziro a SDEJT m'maboma onse a chigawo chino, ndi makhonsolo a sukulu.

Tikukupatsani moni ndi ulemu wonse. Olemba kalatayi ndife aphunzitsi a História a m'sukulu za sekondale za boma, pamodzi ndi ena amene timaphunzitsa aphunzitsi anzathu, ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chiúta ndi Moatize. Tabwera ndi pempho limodzi. Mutikonzere mutu wa mbiri ya zipembedzo za dziko lapansi, wa ma-aula 12, ndiko kuti maphunziro 12 a mphindi 45, woti uziphunzitsidwa m'kalasi 8 kapena 9, ana asanamalize zaka zisanu ndi zinayi zimene lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aziphunzira. Mutuwo uyambire pa chipembedzo cha makolo athu, udutse pa Chiyuda, Chikhristu, Chisilamu, Chihindu ndi Chibuda, ukathere pa Chisikh cha ku Punjab.

Tikudziwa funso limene mungatifunse poyamba: kodi malamulo amalola? Ndime 12 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imati boma la Mozambique silitsamira chipembedzo chilichonse. Ndime 54 imapatsa nzika ufulu wopembedza kapena wosapembedza. Ndime 113 imati maphunziro a m'sukulu za boma si a mpingo. Aphunzitsi ambiri, ngakhale akuluakulu a sukulu ena, amamva ndimezi ngati zikuletsa kutchula chipembedzo m'kalasi. Chimene zimaletsa ndi kulalikira. Wolalikira amauza mwana kuti akhulupirire. Wophunzitsa mbiri amauza mwana kuti anthu akuti, a kumalo akuti, kuyambira chaka chakuti, amakhulupirira zakuti, ndipo chikhulupirirocho chinawachititsa zakuti. Ntchito yachiwiriyi ndi yathu, ndipo palibe ndime imene imaitseka.

Mantha a makolo ndi a aphunzitsi ali ndi gwero lake, sitikuwapeputsa. Mu 1922 atsamunda anatseka mishoni ya Dutch Reformed ya ku Mphatso, ku Angónia. Mu 1940 Portugal inasainirana mapangano ndi Vatican, ndipo mu 1941 lamulo la Estatuto Missionário linaika maphunziro oyambirira a ana a anthu akuda m'manja mwa mamishoni a Chikatolika. Pa 24 Julayi 1975 boma latsopano linatenga sukulu zonse. Agogo a ana amene tikuphunzitsa lero anaona sukulu ikukokera ana ku mpingo umodzi, kenako anaiona ikutseka pakamwa pa nkhani ya Mulungu. N'chifukwa chake mutu umene tikupemphawu uyenera kulembedwa ndi Unduna, kuwunikidwa bwino, ndi kufotokozedwa kwa makolo, osati kusiyira mphunzitsi aliyense kuti azinena zimene ali nazo m'mutu.

Chipembedzo chili kale m'mabuku athu, koma chimangosuzumira. Sitingafotokoze bwino ufumu wa Mwenemutapa popanda kunena za Gonçalo da Silveira, wansembe wa Chijezwiti amene anadutsa ku Sena ndi ku Tete, nabatiza mfumu, naphedwa mu 1561, pa nthawi imene amalonda a Chisilamu anali atayenda kale m'Zambezi Apwitikizi asanafike. Ufumu wa Amaravi, wa Kalonga ndi Undi, sumveka popanda akachisi a mvula ndi nyau. Kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972 kunadziwika padziko chifukwa ansembe analemba maina a ophedwa, ndipo Adrian Hastings anafalitsa nkhaniyo ku London mu 1973. Mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 unasainidwa ku Roma mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mwana amaloweza zaka zimenezi kuti apambane mayeso, koma chimene chinkayendetsa anthuwo sachidziwa.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 27 ndi Akatolika, 19 ndi Asilamu, 16 ndi a mipingo ya Ziyoni, 15 ndi a mipingo ya Evanjeliko ndi Pentekoste, ndipo 14 anati alibe chipembedzo. Kalasi iliyonse ndi yosakanikirana. Chiyambire ziwembu za ku Mocímboa da Praia mu Okutobala 2017, mwana wa kumudzi kumene kulibe mzikiti amamva za Chisilamu pa wailesi pokhapokha kukachitika maliro ku Cabo Delgado. Sukulu ikakhala chete, mwanayo adzakula akuganiza kuti chipembedzo cha munthu mmodzi mwa asanu alionse a dziko lake ndi nkhondo. Ichi chokha n'chokwanira kuti mutuwu ulembedwe.

Ambiri adzadabwa kuti Chisikh chikufunanji m'kalasi ya ku Furancungo, ku Macanga. Tachiikamo mwadala, ndipo tachipatsa ma-aula awiri.

Ndi kawirikawiri kuti m'kalasi simukhala mwana ngakhale mmodzi wa chipembedzochi, ndipo mphunzitsi naye alibe mbali. Palibe woti adziteteze, palibe woti anyoze mnzake wa pa desiki limodzi. Pamenepo ana amaona poyera mmene chipembedzo chimaphunziridwira ngati mbiri. Komanso mbiri yake ndi yapafupi, zaka zake n'zodziwika. Guru Nanak, woyambitsa Chisikh (Guru ndiko kuti mphunzitsi), anabadwa mu 1469 ku Talwandi, kumene lero kumatchedwa Nankana Sahib, m'dziko la Pakistan. Pamene Vasco da Gama ankaima pa Ilha de Moçambique mu 1498 n'kupitirira ku India, Nanak anali ndi zaka 28. Anamwalira ku Kartarpur mu 1539, m'zaka zomwe Apwitikizi ankakhazikika ku Sena ndi ku Tete. Mwana akaona zaka zimenezi zitagundana, Punjab imaleka kukhala nthano ya kutali.

Aula yoyamba ya Chisikh ikhale ya kuyambira 1469 mpaka 1708. Nanak anaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, wopanda chifaniziro, ndi kuti anthu onse ndi ofanana pamaso pake, m'dziko limene munthu ankabadwira m'gulu lapamwamba kapena lonyozeka n'kufera momwemo. Asikh amafupikitsa chiphunzitso chake m'zinthu zitatu: kukumbukira dzina la Mulungu, kudya thukuta lako moona mtima, ndi kugawana ndi ena. Pambuyo pake panabwera aGuru ena asanu ndi anayi. Wachisanu, Guru Arjan, anasonkhanitsa nyimbo zopatulika m'buku limodzi mu 1604 n'kuliika m'kachisi wa Harmandir Sahib ku Amritsar, ndipo anaphedwa mu 1606 mu ulamuliro wa mfumu Jahangir. Wachisanu ndi chinayi, Guru Tegh Bahadur, anadulidwa mutu ku Delhi mu 1675 mu ulamuliro wa Aurangzeb. Wakhumi, Guru Gobind Singh, anakhazikitsa gulu la Khalsa ku Anandpur mu 1699, ndipo asanamwalire mu 1708 analamula kuti sipadzakhalanso Guru wa thupi: buku lija, Guru Granth Sahib, ndilo lidzakhale Guru. Bukuli lili ndi masamba 1430, ndipo muli nyimbo za anthu amene sanali Asikh, monga Sheikh Farid amene anali Msilamu, ndi Kabir ndi Ravidas. Funso lopatsa ana m'aula imeneyi ndi ili: n'chifukwa chiyani gulu loyambitsidwa ndi mphunzitsi woyimba nyimbo linadzafika ponyamula lupanga patapita zaka 200? Yankho lili m'zaka za 1606 ndi 1675, ndipo ana amalipeza okha mukawapatsa mzere wa zaka.

Aula yachiwiri ikhale ya moyo wa Asikh ndi njira imene anafikira kuno. Malo awo opembedzera ndi gurdwara. Wolowamo amavula nsapato, amafunda kumutu, amakhala pansi. Gurdwara iliyonse imakhala ndi langar, khitchini imene imadyetsa aliyense wobwera kwaulere, wolemera ndi wosauka atakhala pamzere umodzi pansi, ndipo chakudyacho chimakhala chopanda nyama kuti aliyense athe kudya. Mphunzitsi angayambire pa chidyerano chimene ana amachimva kwa agogo awo, mabanja akubweretsa nsima pamalo amodzi. Koma asathere pomwepo, afotokoze kusiyana kwake: chidyerano ndi cha apamudzi odziwana, pamene langar inakhazikitsidwa kuti iphwanye mwambo woletsa anthu a magulu osiyana kudyera pamodzi. Kenako abwere zizindikiro zisanu zimene Msikh wolowa m'Khalsa amakhala nazo: tsitsi losameta, chipeso chamtengo, chibangili chachitsulo, kabudula wamkati wosokedwa mwa mtundu wake, ndi kalupanga kotchedwa kirpan. Nduwira imene amuna amamanga ndi yosungira tsitsilo mwaulemu. Amuna amatenga dzina la Singh, akazi la Kaur. Ana a alimi a fodya a ku Angónia ndi Macanga amatchera khutu akamva kuti Msikh wa Khalsa saloledwa kusuta kapena kufwenkha fodya.

Asikh anapondapo kale dera lathu lino. Mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikh, kudzakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi ku dziko limene lero ndi Malawi. Gulu lankhondo limenelo linamenyana ndi Makanjira kunyanja, ndipo mu 1896 ndi asilikali a boma lomwelo amene anagwira ndi kupha Gomani woyamba, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, amene anthu ake ali mbali zonse ziwiri za malire a Angónia. Mphunzitsi anene zimenezi mosabisa, koma anenenso kuti Punjab yomwe inali italandidwa ndi Angerezi mu 1849, ufumu wa Ranjit Singh utagwa. Anthu olamulidwa ndi atsamunda ankatumidwa kukagonjetsa anzawo. Phunziro la utsamunda loposa ili n'lovuta kulipeza. Lero Asikh alipo oposa 25 miliyoni, ambiri ali ku Punjab ya ku India. Makampani a ku India akukumba malasha m'chigawo chino, ndipo mwana wa ku Moatize angakumane ndi munthu wa nduwira pa ntchito kapena pamsewu. Adziwe amene wakumana naye.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa pa Chisikh ndi zodziwika, ndipo buku la mphunzitsi lizitchule chimodzichimodzi. Choyamba ndi kunena kuti ndi Chihindu chosakaniza ndi Chisilamu. Chimachokera poti Nanak anakulira pakati pa zipembedzo ziwirizi, koma Asikh ali ndi buku lawo, aGuru awo ndi miyambo yawo, ndipo mawu amenewo amawakana. China ndi kuona ndevu ndi nduwira n'kunena kuti ameneyu ndi Msilamu. China ndi kufotokoza kirpan ngati mpeni womenyera, pamene kwa mwini wake ndi chikumbutso cha udindo woteteza woponderezedwa. Si Msikh aliyense amene amavala zizindikiro zisanu zija, ndipo si aliyense wotchedwa Singh amene ali Msikh. Mphunzitsi asakometsenso mopitirira: chiphunzitso chimakana kusankhana magulu, koma pakati pa Asikh kusankhanako sikunatheretu, monga mmene chipembedzo chilichonse chili ndi mpata pakati pa zimene chimaphunzitsa ndi zimene anthu ake amachita. Nkhani ya 1984, pamene asilikali a India analowa m'kachisi wa ku Amritsar, Indira Gandhi n'kuphedwa ndi alonda ake a Chisikh, kenako Asikh zikwi n'kuphedwa ku Delhi, tikuti isungidwire makalasi apamwamba. M'mphindi 45 za kalasi 8 singafotokozedwe mwachilungamo.

Ma-aula khumi otsalawo agawidwe motere. Yoyamba ndi ya malamulo a kalasi ndi kukonza mzere wa zaka. Awiri ndi a chipembedzo cha makolo, imodzi ya Chiyuda, awiri a Chikhristu, awiri a Chisilamu, imodzi ya Chihindu, imodzi ya Chibuda. Kumene História ili ndi ma-aula awiri pa sabata, mutu wonse ndi masabata asanu ndi limodzi, theka la trimestre (teremu). Tikudziwa kuti pologalamu ndi yodzaza kale. Koma ma-aula a makolo, Chikhristu ndi Chisilamu angathe kumangidwa pa mitu imene ilipo, ya Amaravi, ya Roma, ya Reforma ndi ya malonda a m'mphepete mwa nyanja, kotero nthawi yatsopano yeniyeni ndi pafupifupi theka.

Chipembedzo chilichonse chifunsidwe mafunso asanu omwewo: chinayamba kuti ndipo liti, anachiyambitsa kapena kuchisunga ndani, chiphunzitso chake chimasungidwa m'buku kapena pakamwa, anthu ake amachita chiyani pa tsiku, pa sabata ndi pa chaka, ndipo chinafika bwanji ku Africa kapena kuno kwathu. Mafunso akakhala amodzimodzi, mphunzitsi sapeza mpata wotamanda chimodzi ndi kufufuza zolakwa za china. Funso lachisanulo ndilo limadzutsa ana. Ambiri amaganiza kuti Chikhristu chinabwera ku Africa ndi azungu, osadziwa kuti mfumu Ezana ya ku Aksum inatembenuka m'zaka za m'ma 300, zaka zoposa 1000 Vasco da Gama asanabadwe. Sadziwa kuti otsatira oyamba a Mneneri Muhammad anathawira ku Aksum komweko cha m'ma 615, Hijra ya 622 (kusamukira ku Medina) isanachitike. Sadziwa kuti amalonda a Chihindu ochokera ku Diu anapatsidwa chilolezo cha malonda pa Ilha de Moçambique mu 1686, ndi kuti ku Salamanga, kum'mwera kwa Maputo, kuli kachisi wa Ahindu womangidwa mu 1908.

Mkati mwa aula, mphindi 5 zoyamba zikhale za mapu ndi mzere wa zaka, 10 mphunzitsi afotokoze, 15 ana awerenge awiriawiri pepala la tsikulo n'kuyankha mafunso atatu, 10 akambirane onse, 5 zomaliza aliyense alembe ziganizo zitatu m'kope. Pamene pamawonongeka kawirikawiri ndi pa mphindi 10 za mphunzitsi zija. Akafika pa chipembedzo chake amalankhula mphindi 30, pa cha ena mphindi 5. Mankhwala ake ndi kulemba nthawi pa bolodi ndi kupatsa mwana mmodzi ntchito yoyang'ana wotchi.

Zipangizo si zodula. Mzere wa zaka ndi chingwe cha mamita 3.5 chomangidwa pakhoma, sentimita imodzi kuimira zaka 10, kuyambira 1500 a.n.e. (nyengo yathu ino isanayambe) mpaka 2000. Timapepala ta zaka timapachikidwa ndi zopanira zovala. Hijra imakhala masentimita 138 kuchokera kumapeto, kubadwa kwa Nanak masentimita 53, imfa ya Silveira 44. Pali msampha umodzi apa. Chipembedzo cha makolo ndi Chihindu zilibe munthu mmodzi woziyambitsa kapena chaka choyambira, ndiye zikasowa kapepala pachingwe ana amaganiza kuti zilibe mbiri. Muziikire ulusi wa mtundu wina woyenda m'litali mwa chingwe chonse. Mapepala owerenga ndi tsamba limodzi la A4 pa aula, losindikizidwa mbali zonse, la ana awiri. Turma (kalasi) ya ana 60 ifuna mapepala 30 pa aula, 360 pa mutu wonse, osakwana rimu imodzi ya 500, ndipo akatoleredwa aula ikatha amagwira ntchito m'maturma ena ndi chaka chotsatira. Pafunikanso mapu amodzi a dziko lapansi oonetsa bwino nyanja ya India, chifukwa zipembedzo zambiri zinafika kuno pa njira ya madzi imeneyo.

Kutolera mapepalawo kuli ndi chifukwa chinanso. Pepala losiyidwa ndi mwana limakathera pansi, kapena kukulungira mandasi pa geti. Likakhala ndi mawu a Korani m'Chiarabu kapena a Guru Granth Sahib m'zilembo za Gurmukhi, mwakhumudwitsa eni ake kwambiri. Tikupempha kuti mapepala akhale ndi mawu ochepa omasuliridwa m'Chipwitikizi, opanda zilembo zopatulikazo. Pasakhale chithunzi cha Mneneri Muhammad. Pasakhale sewero loti mwana akhale Yesu, Muhammad kapena Guru Nanak, chifukwa Asilamu ndi Asikh salola kuti munthu ayerekeze kukhala Mneneri kapena Guru, ndipo m'kalasi ya ana 60 sewero lotere limathera m'phwete. Kumanga mwana chitenje kumutu kuti aoneke ngati Msikh kulekeke. Ana asapempheretsedwe pemphero la chipembedzo chilichonse, ngakhale loyeserera.

Ma-aula awiri a chipembedzo cha makolo ndiwo ofunika kusamala koposa, chifukwa nkhaniyo ili m'kalasi momwemo. Gule wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Komabe m'turma imodzi mumakhala mnyamata wolowa kudambwe ndi mnzake wa mpingo umene umachotsa munthu akapezeka ku gule. Mphunzitsi aphunzitse zimene zimachitika poyera ndi zimene olemba mbiri analemba: Chauta ndi mizimu ya makolo, nsembe za mvula, udindo wa Makewana ku Msinja, kachisi wa Mbona ku Khulubvi, mizimu ya mhondoro kum'mwera kwa Zambezi, gule pa maliro ndi pa chinamwali, mwambo wa Kulamba umene mafumu a Achewa a kuno amapitako ku Mkaika m'dziko la Zambia. Asafunse mwana zinsinsi za kudambwe, asabweretse chigoba cha nyau m'kalasi, ndipo sukulu ikambirane ndi mfumu ya deralo mutu usanayambe. Mawu oti achikunja, opembedza mafano kapena a ziwanda asamveke pakamwa pa mphunzitsi ponena za gulu lililonse. Ngati chipembedzo cha makolo chiikidwa pansi pa miyambo ndi magule, pamene zina zikutchedwa zipembedzo, ana amva msanga kuti za kwawo n'zotsika, ngakhale palibe wanena.

Mwana asasandutsidwe mneneri wa chipembedzo chake. Mtsikana yekhayo wa Chisilamu m'kalasi akafunsidwa kuti afotokoze za Ramadan pamaso pa anzake 59, mwamusenzetsa katundu amene si wake, ndipo akalakwitsa amasekedwa. Akafuna kulankhula mwa kufuna kwake, alankhule. Mphunzitsi asafunse ana kuti aimike manja malinga ndi mipingo yawo. Wa Mboni za Yehova, wa Ziyoni ndi wopanda chipembedzo akhale momasuka ngati ena onse. Mlendo wochokera ku tchalitchi, ku mzikiti kapena kwa mfumu angaitanidwe, koma kwa mphindi 20 zokha, kudzayankha mafunso amene ana alemba kale, mphunzitsi ali pomwepo, popanda pemphero, popanda kugawa timabuku.

Mayeso afunse zimene mwana akudziwa, asafunse zimene amakhulupirira. Funso loti «Fotokoza zifukwa ziwiri zimene Guru Gobind Singh anakhazikitsira Khalsa mu 1699» ndi la mbiri. Loti «Sonyeza pa mapu njira imene Chisilamu chinafikira ku Sofala» ndi la mbiri. Loti «Chipembedzo choona ndi chiti?» kapena «Iwe umapemphera kuti?» lisapezeke pa pepala la sukulu ya boma. Mu ACS (mayeso a m'kalasi) ya mutuwu, chipembedzo chilichonse chikhale ndi funso, ndipo malikisi agawidwe molingana ndi ma-aula.

Kwa a INDE tikupempha kuti tsamba lililonse liwerengedwe ndi anthu awiri lisanasindikizidwe: katswiri wa mbiri, ndi munthu wodziwa wa chipembedzocho. Wa chipembedzo aone ngati akudzizindikira m'zimene zalembedwa, koma mawu omaliza pa zaka ndi zochitika akhale a katswiri wa mbiri. Pa Chisikh, gurdwara ya ku Blantyre ili pafupi ndi ife kudzera pa Zóbuè kuposa Maputo. Zolakwa zimene zinapezeka m'buku la Ciências Sociais la kalasi 6 mu 2022 zinali zopweteka, koma cholakwa cha pa mapu chimakonzedwa ndi kusindikiza kwina. Cholakwa chonena za Mulungu wa munthu chimatseka mutu wonse kwa zaka zambiri. Tikupemphanso tsamba limodzi la makolo, m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, lofotokoza zimene ana adzaphunzire ndi zimene sadzachititsidwa. Chigawo chino ndi chimodzi mwa ziwiri zimene zinayesa kuphunzitsa m'chilankhulo cha mwana kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja, kotero olemba bwino alipo. Khonsolo ya sukulu iwerengere makolo tsambalo pa msonkhano masabata awiri mutu usanayambe. Kholo likamva nkhaniyi koyamba kuchokera kwa mwana madzulo pa nsima, limaimva mokhota.

Aphunzitsi afunika masiku atatu a maphunziro, pa tchuthi cha pakati pa matrimestre, kudzera m'ma ZIP (magulu a sukulu zoyandikana) ndi m'masukulu ophunzitsa aphunzitsi. Tsiku loyamba likhale la malamulo ndi zoona za chipembedzo chilichonse, lachiwiri la zipangizo. Lachitatu ndilo lofunika kwambiri: mphunzitsi aliyense aphunzitse anzake mphindi 15 za chipembedzo chake ndi mphindi 15 za chipembedzo chimene si chake, anzakewo akulemba paliponse pamene wanena kuti «ife timakhulupirira» m'malo mwa «Akhristu amakhulupirira» kapena «Asilamu amakhulupirira». Cholakwa chimenechi munthu sadzimva yekha, ndipo ndicho chimasandutsa aula kukhala ulaliki mwini wake osafuna.

Sitikupempha kuti mutuwu ufike m'sukulu zonse chaka chimodzi. Muyambe ndi sukulu khumi m'maboma asanu, ziwiri pa boma, imodzi ya pa tauni ndi imodzi ya kumudzi, kwa trimestre imodzi. Ana alembe mafunso 15 omwewo mutu usanayambe ndi utatha. Oyang'anira a ku SDEJT akhale nawo m'ma-aula osachepera awiri pa sukulu iliyonse, imodzi mwa iwo ikhale ya chipembedzo cha makolo kapena ya Chisilamu, ndipo madandaulo onse a makolo alembedwe ndi kuyankhidwa ndi khonsolo. Zotsatira zake zikambidwe poyera ku Tete, pamaso pa aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo, musanaganize zopitiriza. Ife ndife okonzeka kulemba mapepala oyamba a ma-aula 12 ndi kuwapereka ku ofesi ya maphunziro ya chigawo kuti awunikidwe, mukatipatsa tsiku ndi munthu wowalandira.

Ndife anu m'ntchito ya maphunziro,

Aphunzitsi a História ndi ophunzitsa aphunzitsi a m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga, Chiúta ndi Moatize, m'chigawo cha Tete.